Manambala a zaka pa magemu ndi mafilimu a pa flash: woyankha mlandu ndani?

Nabanda_Mtendere

Moni nonse. Ndili m'komiti ya makolo pa sukulu ina kuno ku Mtendere mu Lusaka, ndipo nkhani yomwe yavuta pa misonkhano ndi ya timashopu ta magemu tomwe tazungulira msika. Ana a giredi 3 ndi 4 akaweruka amathera komweko, kusewera GTA ndi Mortal Kombat mpaka mdima. Mashopu omwewo ndi amene amaikira anthu mafilimu pa flash ndi pa memory card.

Funso langa lili pawiri. Choyamba, manambala aja 3, 7, 12, 16, 18 omwe amalembedwa pa magemu amaika ndani, ndipo kuno ku Zambia ali ndi mphamvu ya lamulo? Pa magemu ena sipakhala nambala, pamakhala chilembo M kapena T. Chachiwiri, filimu ikabedwa pa intaneti wolakwa ndani: woiika pa intanetipo, wa shopu, mwana woonera, kapena MTN ndi Airtel amene amatigulitsa ma bundle? Makolo ena akuti tikadandaule ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti. Tikufuna pokakumana ndi eni mashopu tikhale ndi mfundo zogwirika.

Jere_Katondo

Amayi Nabanda, ine nditenga mbali ya magemu. Za mafilimu akubwera odziwa malamulo.

Magemu ofika mu Lusaka amabwera ndi zizindikiro za mitundu itatu, kutengera komwe disc inagulidwa. A ku Ulaya amakhala ndi nambala ya PEGI m'munsi chakumanzere kwa chikuto: 3 ndi 7 zobiriwira, 12 ndi 16 zachikasu, 18 yofiira. PEGI inayamba kugwira ntchito mu 2003. A ku America amakhala ndi zilembo za ESRB, bungwe lomwe makampani a magemu anakhazikitsa mu 1994, aphungu a Senate atawapanikiza mu 1993 pa nkhani ya magazi a mu Mortal Kombat yoyambirira. E ndi ya aliyense, E10+ kuyambira zaka 10, T zaka 13, M zaka 17, AO zaka 18. AO simudzaipeza pa shopu chifukwa Sony, Microsoft ndi Nintendo salola magemu otero pa makina awo, ndiye M ndiye mapeto a zomwe mudzaone. A ku South Africa amamatidwa chizindikiro cha ngodya zitatu cha FPB, bungwe la boma la kumeneko, ndipo masitepe ake ndi osiyana pang'ono: PG, 7-9PG, 10-12PG, 13, 16, 18.

Nambalayo siyeza kuvuta kwa gemu. FIFA, yomwe kuyambira 2023 ikutchedwa EA Sports FC, yotuluka mpaka 2025 ili pa 3, koma mwana wa zaka 3 sangagoletse nayo chigoli. Imayeza zomwe mwana aone ndi kumva. Pa 12 pamaloledwa ndewu yosaoneka ngati yeniyeni ndi mawu achipongwe opepuka. Pa 16 ndewu imaoneka monga imaonekera pamsewu, ndipo fodya, mowa ndi chamba zikhoza kuonekera. Pa 18 ndi pomwe pali kupha kopanda chifukwa, kuzunza munthu wosatha kudziteteza, kudula ziwalo ndi zogonana. Kumbuyo kwa chikuto kuli tizithunzi tonena chifukwa chake: chibakera ndi ndewu, kangaude ndi zoopsa, jakisoni ndi mankhwala ozunguza bongo, madayisi ndi juga, dzanja logwira khadi la kubanki ndiye kuti m'katimo muli zogula ndi ndalama zenizeni.

Awiri mwatchulawo onse ali pa 18 ku PEGI ndi M ku ESRB. Pa GTA V akuluakulu amangoona magalimoto nkumati ndi ya mpikisano, pomwe m'katimo muli gawo lomwe wosewera amazunza munthu womangidwa pampando mpaka kumuzula dzino ndi pulayala, ndipo muli bala ya atsikana ovina maliseche yomwe aliyense wogwira pad akhoza kulowamo. God of War ndi ma Call of Duty a zaka zaposachedwa nawo ali pa 18. Tekken 7 ndi WWE 2K ali pa 16, Fortnite pa 12, Minecraft pa 7, Rocket League pa 3.

Kuno kwathu manambalawa ndi malangizo chabe. Zambia siili m'gulu la mayiko ogwiritsa ntchito PEGI ndipo ilibe bungwe lake loyeza magemu. Ku UK ndi kosiyana, kuyambira 2012 kugulitsa gemu ya 12, 16 kapena 18 kwa mwana wosakwana zakazo ndi mlandu. Ku America boma la California linayesa lamulo lotero, khoti lalikulu la dzikolo linalithetsa mu 2011, ndiye kumeneko masitolo ndi amene amadzisankhira kufunsa chiphaso. Choncho musakaopseze mwini shopu kuti mum'mangitsa chifukwa cha nambala 18. Akudziwa kuti sizingatheke, ndipo zokambirana zithera pomwepo.

Chovuta chenicheni n'chakuti m'timashopu timeneti mulibe chikuto choti muwerenge. Makina ambiri ndi ochitidwa jailbreak, kutanthauza kuthyoledwa loko kuti aziyendetsa magemu okopedwa: PS4 ya GoldHEN, PS3 ya HEN, kapena PS2 yoyendera memory card ya Free McBoot ndi pulogalamu ya OPL. Magemu amathiridwa pa hard drive makumimakumi, okopedwa pa intaneti, ndipo pa TV pamangooneka dzina ndi kachithunzi. Kubako ndi komwe kumachotsa chizindikiro. Mwini shopu mwiniwakeyo kawirikawiri sanaionepo nambala ya gemu yomwe akuseweretsa ana. Lembani mayina onse omwe ali pa makina, mukawafufuze pa pegi.info kapena esrb.org, pamatuluka nambala ndi ndime yofotokoza zomwe zili m'katimo. Pitani nazo pa pepala.

Kutseka PS4 yosalumikizidwa ku intaneti kumayenda motere. Lowani mu Settings, kenako Parental Controls/Family Management, kenako PS4 System Restrictions. Ikafunsa manambala achinsinsi lembani 0000, ndi omwe imabwera nawo, ndipo ntchito yoyamba ikhale kuwasintha chifukwa mwana aliyense wa pa shopu amawadziwa. Pitani pa Default Parental Controls, pa Age Level for Games, musankhe level. Pa magemu a ku Ulaya level 3 imalekeza pa zaka 7, level 5 pa 12, level 7 pa 16, level 9 pa 18. Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera: malirewa amagwira ma user atsopano ndi alendo okha, akale amapitiriza monga kale. Ndiye mukaika level, pangani user watsopano, mum'tche ANA, kenako mubwerere mu System Restrictions mutseke New User Creation and Guest Login. User wakale wa akuluakulu muikireni passcode yakeyake mu Login Settings. Mukaiwala sitepe imeneyi mwana amangotuluka mu ANA nkulowa mwa mkulu, ntchito yonse yapita.

Zinthu ziwiri zodabwitsa pa level 5. Gemu imodzimodziyo ikhoza kutsekeka pa makina ena nkutseguka pa ena, chifukwa level 5 imalola T wa ku America, ndiye Tekken ya ku America imalowa pomwe ya ku Ulaya ya 16 imakanika. Komanso level ya gemu imalembedwa m'kafayilo kotchedwa PARAM.SFO, ndipo pa gemu yokopedwa wodziwa akhoza kuisintha. Mukamaliza yesani kutsegula GTA mu ANA muone ndi maso anu ngati yakana.

PS2 ilibe loko wa magemu, omwe ilipo ndi wa mafilimu a DVD basi. Pa iyo njira ndi imodzi, kufufuta fayilo ya gemuyo pa flash kapena pa hard drive.

Mbewe_Kabwata

A Jere alongosola bwino za pa TV, koma mwana yemweyo akafika kunyumba amatenga foni ya amake.

Pa Play Store nambala imachokera ku dongosolo lotchedwa IARC, lomwe linayamba mu 2013. Wopanga gemu amayankha yekha mafunso a zomwe zili mu gemu yake, kompyuta nkutulutsa nambala ya dera lililonse nthawi yomweyo. Mabungwe oyeza amadzafufuza pambuyo, makamaka gemu ikatchuka kapena wina akadandaula. Ndiye nambala ya gemu yaikulu ya pa disc, yomwe anthu anaiyang'ana isanatuluke, ndi yodalirika kuposa ya kagemu katsopano ka pa foni. Foni yolembetsedwa ku Zambia imaonetsa 3+, 7+, 12+, 16+ kapena 18+, zomwe IARC imapereka ku mayiko opanda bungwe lawolawo.

Kutseka: mu Play Store dinani chithunzi cha akaunti, Settings, Family, Parental controls, ikani PIN ya manambala anayi, musankhe malire pa Apps & games. Izi zimangobisa magemu omwe sanalowe m'foni, omwe analowa kale amakhalabe, muwachotse nokha. Ngati foni ndi ya mwanayo, njira yabwino ndi Family Link: mumam'pangira akaunti ya Google yolembedwa zaka zake zenizeni, nkuilumikiza ku foni yanu. Pamenepo mumavomereza gemu iliyonse isanalowe, mumaika maola, ndipo foni imakana mapulogalamu ochokera kunja kwa Play Store pokhapokha inu mutalola. Zimalephereka makolo akanamiza chaka chobadwa pofuna kufupikitsa ntchito. Google ikaona zaka 25 imamutenga ngati wamkulu.

Khomo lomwe ana amadzera kwambiri ndi la APK, fayilo yoikira pulogalamu m'foni osadzera ku Play Store. Mnzake amamutumizira fayilo pa Xender kapena SHAREit, osawononga data ngakhale pang'ono, GTA San Andreas yalowa. Ena amaika PPSSPP, yomwe payokha ilibe vuto chifukwa ndi pulogalamu yongoyendetsa magemu a PSP, koma mafayilo omwe amathiramo sadutsa poyezera paliponse. Pa foni yopanda Family Link fufuzani mu Settings mawu akuti Install unknown apps, muzimitse pa Chrome, Xender, WhatsApp ndi File manager, chilichonse pachokha.

Pali ziwiri zomwe nambala za magemu ambiri sizinayeze n'komwe. Choyamba ndi macheza. Gemu ya 7 kapena 12 ikakhala ndi chat, mwana amalankhula ndi munthu aliyense wa msinkhu uliwonse, ndipo palibe bungwe lomwe lingayeze mawu omwe mlendo adzanene mawa. Chachiwiri ndi timapaketi tamwayi. EA Sports FC yotuluka mpaka 2025 ili pa 3, koma m'gawo lake la Ultimate Team munthu amagula paketi osadziwa kuti mutuluka wosewera uti. Belgium inati mu 2018 zimenezo ndi juga, ndipo EA inasiya kugulitsa ma points ogulira mapaketiwo kumeneko kumayambiriro kwa 2019. Kwa ine, mu mzinda womwe malo a betting ali pa ngodya iliyonse, ichi n'choopsa kuposa magazi a Mortal Kombat, chifukwa magazi kholo limawaona likangodutsa pafupi ndi TV, pomwe chizolowezi choyesa mwayi chimakula mwakachetechete.

Sakala_Woodlands

Amayi, pa funso lachiwiri. Lamulo lathu ndi Copyright and Performance Rights Act la 1994, Chapter 406 ya malamulo a Zambia, lomwe linakonzedwanso mu 2010. Kaundula wa za copyright, umwini wa zinthu monga mafilimu ndi nyimbo, ali ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, ndipo apolisi ali ndi nthambi yake ya Intellectual Property Unit. Filimu imatetezedwa ngakhale mwini wake asanailembetse, ndipo ya kunja imatetezedwa mofanana ndi ya kuno chifukwa Zambia inalowa m'pangano la Berne, la mayiko lotetezerana copyright, mu 1992. Magemu nawo ndi otetezedwa monga mapulogalamu a pakompyuta. Ndiye hard drive ija a Jere afotokoza ili ndi mlandu wofanana ndi flash ya mafilimu, ndipo mlandu wa mwini shopu uli pamenepo, ngakhale pa nambala 18 palibe.

Lamulo limayang'ana zomwe munthu wachita: kukopa, kugulitsa, kubwereketsa pa ndalama, kugawa, kuonetsa pagulu, kusunga makope pofuna malonda. Anthu mwatchula aja tiwayeze pamenepo.

Woyamba kuitulutsa, wojambula ndi foni mu cinema kapena wochotsa loko wa filimu ya pa Netflix, wakopa ndipo wagawa. Pa iye palibe mtsutso.

Mwini webusaiti kapena channel ya Telegram amakonda kunena kuti sasunga filimu, amangolozera komwe ili. Mfundo imeneyi yagwa m'makhoti kangapo. Eni webusaiti ya The Pirate Bay anainena m'khoti ku Stockholm, ndipo mu April 2009 anthu anayi anagamulidwa chaka chimodzi aliyense ndi chipepeso cha makrona 30 miliyoni onse pamodzi chifukwa chothandizira kuba. Mu 2017 khoti lalikulu la European Union linagamula mlandu wa munthu wa ku Netherlands yemwe ankagulitsa timabokosi ta pa TV toikiratu mapulogalamu olozera ku mafilimu obedwa, ndipo linati kugulitsa kotero n'chimodzimodzi kuonetsa filimuyo kwa anthu. Ogulitsa ma Android box odzazidwa kale m'tauni muno ayimve imeneyi. Zigamulo za kunja sizimanga khoti la ku Lusaka, koma zikuonetsa komwe oweruza amapendekera: amafunsa ngati munthu ankadziwa, ngati anali ndi mphamvu yoletsa, komanso ngati ankapezapo ndalama.

Pa mafunso atatuwa wa shopu ndiye ali pa mbalambanda. Flash iliyonse yomwe wadzaza ndi kope latsopano, walandira ndalama, ndipo umboni uli pa tebulo pake. Kunena kuti anaipeza yaulere pa intaneti sikumuombola. Chilango chikhoza kukhala chindapusa, ndende, komanso kulandidwa kompyuta ndi ma hard drive. Boma linabweretsa hologram mu 2013 kuti disc yeniyeni izisiyana ndi yabodza, koma inafika msika ukusamukira kale ku flash ndi ku foni, komwe kulibe pomata kalikonse.

Woonera naye sali woyera kwenikweni, chifukwa kutsitsa filimu m'foni ndi kupanga kope, ndipo mwayi womwe lamulo limapereka wokopa pofuna kuphunzira pawekha kapena kufufuza sufika pa filimu ya Loweruka madzulo. Koma mbali ya lamulo yomangitsa inalunjika pa malonda, ndipo palibe kampani ya mafilimu yomwe ingalipire loya kuti akasumire mwana wa ku Mtendere.

Makampani a netiweki ali ndi chitetezo chawo mu Electronic Communications and Transactions Act la 2021. Kampani yongodutsitsa data, yomwe sinayambitse kutumizako, sinasankhe wolandira ndipo sinasinthe zomwe zikudutsa, siyankha mlandu wa zomwe kasitomala watsitsa. Yosunga mafayilo pa makompyuta ake imayamba kuyankha ikalandira kalata yoti ichotse nkunyalanyaza. Ku Australia makampani a mafilimu anasumira kampani ya intaneti ya iiNet kuti inkalekerera makasitomala ake, khoti lalikulu linawakana mu 2012. Chomwe chimatheka ndi kulamula kampani kuti itseke webusaiti inayake. Khoti la ku London linalamula kampani ya intaneti ya BT kutseka webusaiti ya Newzbin2 mu 2011, ndipo ku Kenya mu 2022 khoti linalamula Safaricom ndi Jamii Telecom kutseka mawebusaiti oonetsa mpira wa SuperSport mwakuba, pa mlandu womwe MultiChoice inasuma. Wosuma amakhala mwini katundu. Komiti ya makolo siingasume za copyright ya filimu yomwe si yake, ndiye ulendo wa ku ZICTA pa nkhani imeneyi sungabale kanthu. Ku khonsolo ya mzinda, komwe mashopu amatenga chilolezo cha malonda, ndi komwe dandaulo la ana osewera mpaka usiku lingamveke.

Tembo_Chilenje

A Sakala, za malamulo sinditsutsa, koma mwam'senzetsa kwambiri wa shopu. Iye ndi wotsiriza pa mzere ndipo ndi amene amadya zochepa.

Ndalama zili kumtunda. Taonani filimu yomwe yangotuluka sabata ino, ya mtundu wa CAM, yojambulidwa mu cinema, mitu ya anthu ikudutsa. Pakati pa chithunzi pamayenda dzina la kampani ya betting, nthawi zina mawu a filimu amadulidwa nkulowa otsatsa malonda. Wina analipira kuti dzinalo lilowemo. Mawebusaiti oonera ulere amakhalira zotsatsa zomwezo ndi timawindo totumphuka. Patapita nthawi filimu ikafika pa Netflix kapena Prime Video pamatuluka WEB-DL, yoyera ngati yogula, ndipo anthu ena amaipanikiza kuti ichepe: 480p pafupifupi 400 MB, 720p pafupifupi 1 GB. Telegram imalola fayilo imodzi kufika 2 GB pa akaunti wamba, ndiye filimu yathunthu imakwana bwinobwino. Wa shopu amatsitsa kamodzi pa bundle ya usiku nkugawira anthu makumi. Makasitomala ake akugula data yomwe sangakwanitse, filimuyo ndi yongotsatira.

Kampani ya netiweki ili ngati kondakitala wa minibasi ya pa Kulima Tower, amalandira ya ulendo koma satsegula zikwama. Pafupifupi zonse zimadutsa zobisidwa ndi loko wa pa intaneti wotchedwa HTTPS, kampani imaona dzina la webusaiti ndi kuchuluka kwa data, siona kuti ndi filimu iti. Kutseka kophweka kumachitikira pa DNS, dongosolo lolozera foni komwe webusaiti ili, ndipo mnyamata wa giredi 9 amakulambalala m'mphindi imodzi posintha DNS kapena kuyatsa VPN, pulogalamu yobisa komwe munthu akupita pa intaneti. Webusaiti nayo imangosintha mchira wa dzina. 123Movies inatsekedwa mu 2018, Fmovies inagwetsedwa ku Vietnam mu 2024, koma mayina ofanana nawo adakalipo mbwee.

Pa torrent, njira yotsitsira mafayilo kuchokera kwa otsitsa anzako, ndionjezere chomwe ambiri sadziwa. Pulogalamu ya torrent imatumiza zidutswa za filimu kwa ena nthawi yomweyo pamene ikutsitsa, ndiye wogwiritsa ntchito torrent ndi wogawanso, wachoka pa gulu la ongoonera. IP yake, adiresi ya chipangizo chake pa intaneti, imaoneka kwa aliyense amene ali pa fayilo imeneyo. Kumayiko ena ndi mmene anthu amalandirira makalata a maloya. Pa netiweki ya foni anthu ambirimbiri amatulukira pa IP imodzi, kotero kuloza munthu mmodzi kumafuna kuti kampani ifufuze m'zolemba zake, ndipo siichita zimenezo popanda lamulo la khoti.

Chomwe chimapweteka makolo msanga si khoti. Ndi flash yomwe yalowa m'makompyuta makumi awiri nkubwera ndi kachilombo kosandutsa mafoda onse kukhala ma shortcut, ndi ma APK a mafilimu aulere omwe amapempha chilolezo chowerenga ma SMS pa foni yomweyo yomwe ili ndi mobile money. Pulogalamu yoonetsa filimu ilibe chifukwa chowerengera ma SMS, ikapempha ichotseni. Komanso wa shopu amadzaza flash ndi chilichonse chomwe chili mu foda, katuni ndi za akuluakulu pamodzi, popanda nambala ya zaka pa fayilo iliyonse.

Omwe amavulala zenizeni ndi opanga mafilimu a kuno. Hollywood imabweza ndalama zake kwina. Wopanga filimu wa ku Lusaka msika wake ndi ife tomwe, ndipo ikatuluka pa WhatsApp asanaigulitse kwa Zambezi Magic kapena kuionetsa mu cinema, mtengo wake wagwa. Kawirikawiri imatulukira m'nyumba momwemo, kwa wokonza zithunzi kapena kwa munthu yemwe anatumiziridwa kuti aione kaye. Wotumiza kope loonera aziika dzina la wolandira pa chithunzi penipeni, kope lililonse dzina lake, kuti ikatuluka adziwe khomo lomwe yadzera.

Nabanda_Mtendere

Zikomo kwambiri abambo nonse, ndasindikiza zonsezi. Katsala kamodzi. Mwini shopu wina anauza kholo lina kuti iye amalipira DStv ndi Netflix mwezi uliwonse, ndiye zomwe amaonetsa ndi kuikira anthu n'zololedwa. Kodi pamenepo ali ndi mfundo? Komanso tikakhala nawo pansi, n'chiyani chomwe tingapemphe chomwe angavomere osaona ngati tikuwatsekera bizinesi?

Sakala_Woodlands

Alibe mfundo, amayi. Akaunti ya Netflix ndi ya munthu ndi a m'nyumba mwake, malamulo ake amaletsa kuonetsa pagulu kapena kuchitira malonda. DStv ya kunyumba ndi chimodzimodzi, malo a malonda ali ndi yawo ya DStv Business. Pa za flash ndiye bodza lake n'losavuta kuligwira: filimu yotsitsidwa mu pulogalamu ya Netflix imakhala yokhomedwa, imaseweredwa mu pulogalamu momwemo pa chipangizo chomwecho basi. Fayilo ya mp4 kapena mkv yomwe imatseguka pa TV iliyonse sinachokere m'njira yololedwa, kaya munthuyo amalipira mwezi uliwonse. Ngati pa shopu pamaliranso nyimbo za pa sipika, chilolezo chake ndi china, cha ZAMCOPS, bungwe lotolera ndalama za eni nyimbo.

Koma ndikanakhala inu nkhani ya copyright sindikanayamba nayo pa msonkhano. Mukaitchula poyamba adzaona ngati mwabwera ndi apolisi. Iwo akuidziwa kale, ndipo kudziwa kwawoko n'kokwanira kuti amvetsere zomwe mukupempha pa za ana.

Jere_Katondo

Pemphani zomwe sizimudyera ndalama. Ana aang'ono ambiri amabwerera mpira, ndipo mpira uli pa 3, ndiye makina amodzi kapena awiri oikidwa pa level 5 okhala ndi FC, eFootball ndi mipikisano ya magalimoto sakhala opanda osewera. Makina a GTA ndi Mortal Kombat aikidwe kumbuyo, TV yake itembenukire ku khoma, chifukwa m'kachipinda kamodzi mwana wodikira nthawi yake amaonera zonse ngakhale sanagwire pad. Wovala yunifolomu asalowe nthawi ya sukulu, ndipo mugwirizane ola lomwe ana a pulayimale azituluka. Mndandanda wa magemu ndi manambala ake umatidwe pakhomo. Pa kompyuta ya mafilimu foda ya katuni ikhale payokha, mwana akatumidwa ndi flash azithiriridwa za m'menemo zokha.

Passcode ya System Restrictions alembe m'buku asunge kunyumba. Akaiiwala, PS4 ilibe njira ina yoibwezera koma kuifufuta yonse mu Safe Mode pa Initialize PS4, ndipo magemu onse a pa hard drive ndi ma save amapita nawo limodzi. Mantha amenewa ndi omwe amachititsa eni mashopu ambiri kusiya 0000, ndiye muwauziretu za bukulo asanakane.